Mlendo ndi Mame: Za Alendo Odzipereka m'Nyumba Zosungira Ana

Tauni ya Springs, m'dera la Ekurhuleni kum'mawa kwa Johannesburg, inakula ndi thukuta la alendo. Migodi ya golide ya ku East Rand inkakoka amuna ochuluka ochokera ku Malawi kudzera m'bungwe la Wenela, mpaka mu 1974 pamene boma la Malawi linaimitsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown. Ana a amunawa ankakula m'manja mwa amayi ndi atsibweni, bambo ali kutali.

Masiku ano kwabwera alendo a mtundu wina. Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America amafika m'matauni onga Springs kudzathandiza mwaulere, kwa milungu yowerengeka, m'nyumba zosungira ana ovutika. Mtima wawo ngwabwino, ndipo palibe chifukwa chowakayikira. Funso ndi lakuti: kodi chikondi chokhala ndi tsiku lonyamukira chingamupindulire mwana amene anasiyidwapo kale?

Chichewa chimasiyanitsa kucheza ndi kulera. Wocheza amatsanzika dzuwa likapendeka, koma wolera amakhalapo mwana akadwala usiku, akalakwa, ngakhale akatha msinkhu. Nchifukwa chake mng'ono wa mayi amatchedwa mayi aang'ono, ndipo mkulu wa bambo amatchedwa bambo aakulu. Mainawa si ulemu chabe. Ndi pangano lakuti kholo likafa, wina alipo kale wolowa m'malo. Mlendo alibe dzina lotere pakati pa abale, ndipo akuluakulu ananena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mu 2010 ofufuza awiri, Linda Richter ndi Amy Norman, analemba za alendo odzacheza ndi ana amasiye a Edzi kum'mwera kwa Sahara. Iwo anachenjeza kuti mwana wamng'ono akazolowerana ndi munthu n'kusiyidwa, kenaka n'kuzolowerananso ndi wina, amavulala mumtima. Mwana wothamangira kukumbatira mlendo aliyense amaoneka wansangala, pamene mwina akuonetsa bala lomwelo. Palinso nkhani ya chiyankhulo. Mwana wa ku KwaThema, tauni ya anthu akuda yoyandikana ndi Springs, akamalira m'Chizulu kapena m'Chisutu, mlendo wodziwa Chingerezi chokha amamva kulirako koma samva chimene chikumuliza.

Komabe kutseka chitseko si yankho, pakuti mwambi wina umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Namwino, mmisiri kapena mphunzitsi wodzasula antchito a panyumbapo amasiya luso limene limatsala iye atapita. Malangizo a United Nations a mu 2009 okhudza ana osaleredwa ndi makolo awo amaika banja patsogolo, ndipo mu 2019 msonkhano waukulu wa bungweli unapempha maiko kuti athane ndi mavuto obwera chifukwa cha ntchito zongodzipereka m'nyumba za ana amasiye. Choncho ndalama ya tikiti ya ndege ingathandize kwambiri ikapita kwa agogo amene akulera zidzukulu pakhomo pawo.

Muyeso wa ntchito yotere si chimwemwe chimene mlendo amabwerera nacho kwawo, koma m'mene mwana amakhalira m'mawa wa tsiku lotsatira kunyamukako. Wofuna kuthandiza alimbitse manja a anthu okhalitsa, amene mwanayo adzawapezabe chaka chamawa, m'malo modzisandutsa kholo la milungu itatu.