Za Mpweya Umene Anthu Autcha Woipa

M'sukulu ana aphunzira kuti pali mpweya wabwino umene munthu akoka, ndi mpweya woipa umene atulutsa; wachiwiriwu anthu ophunzira autcha carbon dioxide. Dzina lakuti woipa likhoza kusokeretsa Mkhristu, pakuti buku la Genesis liphunzitsa kuti zonse zimene Mulungu adalenga adaziona kuti nzabwino. Mitengo ndi chimanga zikula ndi mpweya umenewu. Ndiponso iwo, pamodzi ndi nthunzi ya madzi, ufunditsa dziko ngati bulangete. Pakadapanda chofunda chimenechi, dziko likadazizira kufikira madigiri 18 pansi pa ziro, m'malo mwa madigiri 15 pamwamba pake.

Tsono anthu anzeru adakangana za muyeso wake. John Tyndall wa ku Ireland adaonetsa mu 1859 kuti mpweyawu ugwira kutentha kumene nthaka ibweza kumwamba. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden, pofunafuna chimene chidaziziritsa dziko kalekale, pamene madzi oundana adakuta kumpoto kwa Ulaya, adawerengera kuti mpweyawu utachepa ndi theka dziko lingazizire ndi madigiri 4 kapena 5, ndipo utachuluka kawiri lingatenthe ndi madigiri 5 kapena 6. Iye sadade nkhawa ayi. Munthu wa dziko lachisanu adayesa kutenthako ndi dalitso.

Mu 1900 mnzake wa dziko lomwelo, Knut Ångström, adamtsutsa. Adati mpweya umene ulipo kale wagwira kutentha konse kumene ungathe kugwira, kotero kuti kuwonjeza wina kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wodzaza. Ambiri adamvomera zaka zochuluka, ndipo sadachimwe, pakuti adatsata zimene zipangizo za nthawi yawo zidawaonetsa. Koma pambuyo pake kudadziwika kuti mlandu uweruzidwa m'mwamba, kumene mpweya uli wopepuka, wouma ndi wozizira, kumenenso kutentha kuthawira kunja kwa dziko. Kumeneko mtsuko sudadzaze. Mu 1958 Charles David Keeling adayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, napeza magawo 315 pa miliyoni. Mu 2024 adali atapitirira 420, pamene kale, malasha ndi mafuta asanayambe kutenthedwa m'mafakitale, adali ngati 280.

Nanga amene anena kuti mpweyawu uziziritsa, kodi anama? Iyayi, agwira mbali ina ya choonadi. Mu 1967 Syukuro Manabe ndi Richard Wetherald adaneneratu kuti mpweyawu ukachuluka pansi padzatentha, koma m'mwamba mwenimweni, kupitirira mitambo, mudzazizira, popeza kumeneko iwo utaya kutentha kochuluka koposa kumene ulandira. Ndipo miyeso ya zaka zotsatira idapeza zomwezo. Umboni umenewu ngwolemera ndithu: likadakhala dzuwa limene lawonjeza mphamvu, pansi ndi m'mwamba zikadatentha pamodzi.

Apa ndipo pakhudza chikumbumtima. Lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa umboni wonama. Kukayika kwa Ångström kudali ntchito yolemekezeka. Koma munthu wobwerezabwereza mawu amene adayankhidwa kale, chifukwa yankholo limtayitsa phindu, sali wofunafuna choonadi. Katekisimu wa Eklezia aika kulemekeza zolengedwa pansi pa lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba, pakuti dziko ndi la ana osabadwa omwe. Papa Francis m'kalata yake Laudato Si' ya 2015 adakumbutsa kuti woyamba kuvutika ndi mmphawi, amene sadatenthe malasha ambiri. Ndipo mpweya wofunda usenza nthunzi yochuluka, imene igwa ngati mvula yamphamvu pa minda ya m'matsitso ndi m'zigwa.

Katekisiti akafunsidwa za zimenezi kumphakati, asanyoze wofunsayo kapena kumuopseza ndi kutha kwa dziko. Amfotokozere mofatsa za mtsuko wa Ångström ndi za kuzizira kwa m'mwamba, ndipo akatero afunse mpingo kuti pa mitengo imene idabzalidwa pa tchalitchi m'dzinja lapitalo yatsala ingati.