MPHEPO NJA TONSE, NANGA NJINGA?

Buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba analemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo mu 2015 analifupikitsa ndi kulifewetsa kuti achinyamata azitha kuliwerenga okha. Lofupikitsidwali ndilo ndifuna kuti tikambirane pano. Si nthano yopeka ayi, pakuti zili m'menemo zinachitikadi kuno ku Kasungu, m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe; koma kalukidwe kake nka nthano ndithu: muli anyamata atatu, galu mmodzi, njala, ndi chinthu chimene mudzi wonse unati ndi misala. Mwana wa ku Chisemphere akalitsegula safunsa kuti chigafa nchiyani, kapena kuti phala la gaga limamveka bwanji pakhosi. Dothi lake ndi lomwelo, fodya wake ndi yemweyo, ndipo mphepo imene inazunguza mapiko a William ndiyo imadzazanso fumbi m'maso mwathu mwezi wa Ogasiti.

Nkhani yake ambiri mukuidziwa, choncho sinditaya nayo nthawi. Mu 2001 zokolola zinavuta, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo pomafika Febuluwale 2002, pamene boma linavomera poyera kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu anali atayamba kale kufa. William, ali ndi zaka 14, analekezera sukulu ya sekondale pa Kachokolo chifukwa atate ake analephera kulipira fizi, ndalama zokwana pafupifupi madola 80 pa chaka. M'malo mokhala pa bawo anayamba kupita ku kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, kumene anaona chithunzi cha makina a mphepo pa chikuto cha buku la Using Energy. Anatola zitsulo zotayidwa, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika ngati mamita 5, ndipo babu linayaka m'mudzi mopanda magetsi.

Funso langa siliri pa William koma pa ife akuluakulu, ndi mmene tagwiritsira ntchito dzina lake. Chitchukire bukuli, dzina la mnyamatayu lasanduka mkwapulo. Mphunzitsi akafuna kudzudzula kalasi, mlaliki akafuna kukometsa ulaliki wa achinyamata, ngakhale malume akakhuta, mawu ake ndi amodzimodzi: mnzanu anapanga magetsi ndi zinyalala ali ndi njala, nanga inu mwapanga chiyani? Kodi nchilungamo kuyeza ana onse ndi mkono wa mwana mmodzi? Ine ndikuti ayi, ndipo mboni yanga yoyamba ndi buku lomwelo.

Chizolowezi chofinya phunziro m'nkhani iliyonse tinayamwira. Agogo akamaliza nthano pamoto ankatifunsa zimene taphunzirapo, ndipo mabuku athu oyamba anatsata njira yomweyo. Nthondo wa Samuel Ntara, wa mu 1933, ndi mwana wopulupudza amene pomaliza akhala munthu wolongosoka. Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe dzina lokha likunena cholinga chake. Sindikunyoza mabuku amenewa, anatilera. Koma khutu lozolowera kudikira phunziro limafulumira, limamva mawu amodzi okha akuti limbikira, nkusiya zonse zimene wolemba anavutika nazo kutiuza.

Tiyeni tsono tiwerenge katundu amene anamanga makina aja, monga mmene amawerengera katundu pa chikwati, aliyense ndi mwini wake. Njinga imene gudumu lake linazunguza dayinamo inali ya atate ake, yakutha inde, koma inalipo, ndipo atateyo atanyinyirika anavomera kuti iphwasulidwe. Dayinamoyo William analibe ndalama yogulira. Anagula ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu Wimbe, amenenso anatulutsa ndalama ya mabawuti. Msuweni wake Geoffrey ndiye ankaphwasula naye mawayilesi akali ang'ono, kufufuza kumene mawu achokera, ndipo pa tsiku lokweza makina pa nsanja onse awiri anagwira chingwe. Mabuku a m'kanyumba kaja anachokera ku America ngati mphatso, ndipo panali mayi woyang'anira amene sanatope kubwereketsa buku lomwelomwelo kwa mwana wosakhala pa sukulu. Zitsulo zambiri, pamodzi ndi chikupizo cha thirakitala chimene anamangirirapo mapiko, anazitola pa dzala la esiteti ya fodya imene inagwa, pafupi ndi sukulu yomwe inamubweza ija. Pamenepa pokha ine ndimaima kaye. Maesiteti amene anatenga malo a anthu m'zaka za m'ma 1970, pamene lamulo linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, anasiyira mwana wa mlimi wamba mafupa ake okha, ndipo mwanayo anawasandutsa nyale. Wolemba nthano yopeka akadalemba zotere tikadati wawonjeza mchere.

Koma katundu wamkulu kuposa onsewa sawoneka pa chithunzi. Ndiye nthawi. Banja la a Kamkwamba linali losauka, koma linkalima munda wake ndi kugona m'nyumba yake. Mwana wawo atachotsedwa sukulu anali ndi masana akeake, oti nkukhala pansi pa mtengo kulimbana ndi Chingerezi cha m'buku la sayansi, kapena kusakasaka m'udzu wa pa dzala lija tsiku lathunthu. Atate ake anafika pomupumitsa ntchito zina za kumunda kuti apitirize zimene anayambazo. Umphawi uli ndi makwerero, ndipo William sanali pa khwerero la pansi penipeni.

Wa pansi penipeni tikumudziwa ife a m'chigawo cha fodya, kuyambira kwa Chisemphere mpaka kutsidya kwa malire a Mzimba. Ndi mwana wa tenanti. Makolo ake anabwera pa lole kuchokera ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Mangochi, atalonjezedwa ndalama pakutha pa chaka. Chimanga chimene akudya ndi ngongole, feteleza ndi ngongole, khasu lomwe ndi ngongole, ndipo zonsezi mwini esiteti adzadula fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Banja lotere kuti likwanitse munda limene lapatsidwa, manja onse a m'nyumbamo ayenera kugwira. Mwanayo athirira nazale mbandakucha, awokera, apalira, athyola masamba a mame, asoka fodya mpaka zala kuchita zakuda ndi utomoni, ndipo usiku asankha masamba pa koloboyi. Mu 2009, chaka chomwe buku la William linatuluka, bungwe la Plan linatulutsa zimene linamva kwa ana 44 a ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba. Linati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi anali osachepera 78,000, ambiri a iwo maola 12 pa tsiku, ndi kuti pa tsiku la chinyezi khungu la mwana limatha kumwa chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti. Koma ana amene anakulira m'zigafa zaka zonse zija ubwana wawo sudzabwezedwa ndi lamulo. Tsono mwana wotere mukamuuza kuti mnzako anapanga magetsi, akayankhe chiyani? Mphepo ikuwombadi pa esiteti monga iwombera ku Masitala. Njinga yoti aphwasule aitenga kuti, ndipo masana oti aiphwasulire ampatsa ndani?

Za atsikana ndinene mwachidule, pakuti bukulo lomwe linena mwachidule. William anali mwamuna yekha pakati pa alongo asanu ndi mmodzi. Pamene iye anali ku dzala la zitsulo, wina anali kutunga madzi, wina kusinja, wina kubereka khanda. Mlongo wake wamkulu, amene anali atapita patali ndi sukulu, anathawa ndi mwamuna njala ili pakati, ndipo nkhani yake ithera pomwepo m'masamba ochepa. Msungwana wa fomu 2 akawerenga bukuli amadziwa bwino lomwe kuti iye ali pa tsamba liti.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati: kanyumba ka mabuku kaja kanali kotsegukira ana onse a kwa Wimbe, dzala lija linali poyera, anyamata ena analinso ndi nthawi ndipo anaithera pa bawo ndi kumuseka mnzawo kuti akusuta chamba. Chifukwa chiyani anapanga ndi iye yekha? Kodi ukafotokoza zonse ndi mwayi sukulanda mwana ulemu wake, ndi kupatsa alesi pobisala? Zoona. Luntha la William ndi lakelake, khama lake palibe anamubwereka, ndipo munthu amene akana zimenezi ali ndi kaduka chabe. Mbewu yabwino ndi yabwino ngakhale isanagwe pa nthaka. Chimene ndikukana ine nchakuti tiziti mbewu imene sinamere inali yofumbwa, tisanapite kukaona pamene inagwera.

Ndiponso taonani zimene luntha ndi khamazo zinamugulira pa zokha. Makina anayamba kuzungulira mu 2002. Anthu anabwera kudzaona, ena kudzatchajitsa mafoni, nabwerera kwawo. Sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 kuti izisula ana anzeru a dziko lino ndi Chilatini ndi Chigiriki, ili pa Mtunthama pomwepa, ulendo wa njinga kuchokera kwa Wimbe. Komabe zaka zinayi zinatha mnyamatayo ali pakhomo, osabwerera m'kalasi. Chilala chitabweranso, ena m'mudzimo anayamba kunong'ona kuti nsanja ija ndiyo ikuthamangitsa mitambo. Zinthu zinatembenuka mu 2006 pamene akuluakulu ena a zamaphunziro, amene anabwera kudzayendera kanyumba ka mabuku kaja, anamva za iye, ndipo Dr Hartford Mchazime anabwera ndi atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhaniyo mu Novembala chaka chomwecho. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha. Kenaka sukulu ku Johannesburg, kenaka Dartmouth College ku America kumene anamaliza mu 2014. Galimoto lija likadapanda kukhotera kwa Wimbe tsiku limenelo, William akadakhala yemweyo, nzeru zake zomwezo, koma dzina lake sitikadalimva, ndipo mwina mphunzitsi wina akadamukwapula ndi dzina la mwana wina. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kwa zaka zinayi tsogolo la mnyamatayu linali pachala.

Mwini wake akuoneka kuti ngongoleyi akuidziwa kuposa ife omutamanda. M'buku sabisa amene anagula dayinamo, ndipo atapeza poyambira, mu 2008 anakhazikitsa nawo bungwe la Moving Windmills, limene mwa ntchito zake linathandiza kumanganso sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Amene anaiwala ngongoleyo ndi ojambula kanema. Mu filimu ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor, imene anajambulira ku Kasungu konkuno (za Chichewa cha ena mwa ochita sewerowo tisanene, tinaseka mokwanira), makina a mphepo apopa madzi njala ili mkati, mbewu zimera, mudzi upulumuka ndi dzanja la mwana mmodzi. Nzokoma kuonera, koma m'buku sizili choncho. Njala ya 2002 inatha chifukwa dowe ndi maungu zinacha, monga njala zonse za kwathu zithera, ndipo makina oyamba anapereka kuwala ndi nyimbo za pa wayilesi, osati nsima. Madzi opopa anabwera patapita zaka, ndalama za anthu akufuna kwabwino zitafika. Kusinthaku sikochepa. Mwana akangosanduka mpulumutsi wa mudzi, amene anagulitsa chimanga cha m'nkhokwe sakhalanso ndi mlandu waukulu, pakuti nkhani yatha bwino; ndipo ana ena onse amene sanapulumutse midzi yawo ndiwo atsala ndi manyazi.

Tsamba limene ine ndimabwererako kawirikawiri mulibe magetsi. Ndi la galu, Khamba. Galuyu anali mnzake wa William wa ku uzimba, wogona pakhomo pa chipinda chake. Njala itafika poti banja likudya kamodzi pa tsiku, aliyense mbamu zowerengeka, panalibenso mkute woti nkuponyera galu. Khamba anawonda mpaka nthiti kuwerengeka, nalephera ndi kuimirira komwe. William, atakakamizidwa ndi mbale wake wina kuti athetse mazunzowo, anamutengera kuthengo kumene ankasaka limodzi, namumangirira ku mtengo, nachoka osacheuka. Atabwererako anapeza atafa pomwepo, ndipo anamukwirira mwakachetechete. Apa palibe luntha limene linathandiza, palibe khama, palibe buku la sayansi. Pali mwana wa zaka 14 amene njala yamuchititsa chinthu choti adzasenza moyo wake wonse, ndipo mwanayo ndi yemwe uja timamuimika patsogolo pa anzake. Olemba akadatha kuchotsa tsambali pokonza buku la achinyamata, poopa kuliza ana a ku America, koma analisiya. Mwa onse amene ndawamva akukwapula ana ndi dzina la William Kamkwamba, pa sukulu, kutchalitchi ndi pa misonkhano, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo Khamba.