Alonda Opanda Mikondo

Madzulo ena ku Sunningdale, magetsi atazima, mnyamata anafika akutsimphina kwa azakhali ake, namwino amene makolo awo anachokera ku Dedza. Dzana lake anaponda msomali posewera mpira kufupi ndi Seke Road, ndipo mwanabele anali atatupa m'mphechepeche. Koma chimene chinkamuwawa zedi n'choti anzake anamuseka kuti bambo ake ndi mlonda chabe ku Graniteside, alibe ndi mfuti yomwe.

Azakhali anatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kuyamba: "Padangotero!"

"Tili tonse."

"Panali mudzi wotchedwa Thupi. Mfumu inkanyadira ankhondo ake, a CD8 obaya ndi a CD4 olangiza, koma alonda a manja ambiri ngati nthambi za mtengo, a fuko la dendritic, inkawayesa alesi. Mmodzi, wa Langerhans, ankakhala kumpanda, pakhungu penipeni. Wina, plasmacytoid, ankayenda mumtsinje wa magazi. Akaona vairasi ankakuwa mfuu yotchedwa interferon kuti nyumba zonse zitseke zitseko. Awiri ena ankang'amba kansanza pa chovala cha mdani n'kuthamangira nako kubwalo, uyu kwa obaya, uyo kwa olangiza.

"Tsiku lina mfumu inati, 'Wopanda mkondo asadye nsima yanga.' Alonda anasamuka. Usiku mdani analowa. Ankhondo anali pabwalo, mikondo ili waliwali, koma aliyense wa iwo amadziwa nkhope ya mdani mmodzi yekha, ndipo sanyamuka popanda womuonetsa kansanza kaja. Anangoti ndwii, nyumba zikupsa. Kutacha mfumu inapita chokwawa kukapepesa."

"Bwalolo lili kuti, azakhali?"

Anamugwira chala n'kuchiika pa mwanabele paja. "Ndi ili. Latupa chifukwa alonda afika ndi uthenga, ankhondo akuchulukana. Ngakhale ophunzira anachedwa kuwalemekeza alondawa. Ralph Steinman anawafotokoza mu 1973 ku New York, anzake n'kumakayika kwa zaka zambiri. Mphotho ya Nobel inalengezedwa mu 2011, iye atamwalira masiku atatu m'mbuyomo. Gona tsopano, mawa tikabayitse jakisoni wa kafumbata."

Mbandakucha bambo aja atagogoda, atazizidwa ndi mame, anatsegula chitseko ndi mnyamatayo. Anagwada, nawalandira jasi ndi tochi, n'kupita akutsimphina kukatereka madzi a tiyi.