Nkhalango zazing'ono za Phalombe ziyambire pa nzeru ya kumanda

M'chigwa cha Phalombe, kuchokera ku Migowi kulowera kunyanja ya Chilwa, munthu akaona mitengo yachilengedwe itathithikana pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo safunsanso, amadziwa kuti pamenepo ndi pamanda. Mikuyu, mpoza ndi zilambe zakulengakulenga pamalo ochepa kuposa bwalo la mpira, pansi pali chinyontho ndi masamba owolerana, mbalame zimene zinasowa m'minda zikumanga zisa. Palibe bungwe limene linapereka mbande pamenepo. Chimene chasunga mitengoyo ndi lamulo limodzi loti nkhwangwa salowa nayo popanda chilolezo cha amfumu. Boma la Phalombe, lomwe linapatuka ku Mulanje mu 1998 ndipo lili ndi anthu oposa 400,000 pa malo opanikizika, silingapeze mahekitala ambirimbiri a nkhalango yatsopano. Chimene lingathe ndi kuchulukitsa timalo tonga tamandati, tothithikana, ta mitengo yathu yomwe, ndipo mwini wake akhale mudzi.

Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala pa nyengo yodzala mitengo, ndipo Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Koma chimene timawerenga pa miyambo yodzalayo ndi mbande zolowa m'dothi, pamene chofunika kuwerenga ndi mitengo yopulumuka mbuzi, chiswe ndi moto wa Okutobala. Mbande yokhala yokha pamtetete ilibe mthunzi ndipo ilibe mwini. Katswiri wa zomera wa ku Japan, Akira Miyawaki, anaona zimenezi m'zaka za m'ma 1970, ndipo n'zochititsa chidwi kuti naye anaphunzira ku mitengo yosungidwa pa malo opembedzera a kwawo. Njira yake ndi kusakaniza mitundu yambiri yachilengedwe, mbande pafupifupi zitatu pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kuphimbira pansi ndi udzu, ndi kupalira zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba. Mitengo ikamalimbirana dzuwa imathamangira m'mwamba, nthambi zimakumana msanga, udzu umafa ndi mthunzi, ndipo moto umasowa podyera.

Wina adzati anthu akufuna nkhuni ndi milimo, ndiye bwanji osadzala bulugama amene amakula msanga. Funsoli ndi lomveka, ndipo bulugama ali ndi malo ake m'mphepete mwa munda wa munthu. Koma pansi pake sipamera zambiri, ndipo phunziro la mitengo yobwera lili pafupi: paini wa mtundu wa Pinus patula anafalikira pa phiri la Mulanje mpaka bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linalowa m'ntchito yomugwetsa, pamene mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ukutha. Nkhalango ya masuku, mbawa, mlombwa, katope ndi muwanga imapereka zimene bulugama sangapereke. Bowa wambiri amene amayi amazula m'dzinja amamera pokhapokha pali mizu ya mitengo ngati masuku ndi mombo. Njuchi zimapeza maluwa miyezi yosiyanasiyana, asing'anga amapeza makungwa, ndipo mileme ndi mbalame zimanyamula njere kuchokera ku nkhalango ina kupita ku ina, kotero kuti timalo makumi angapo toyandikana timayamba kudyetsana.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha kukwera mtengo kwa njira ya Miyawaki ndi nyengo. Japan ndi dziko la mvula yambiri, pamene chigwa cha Phalombe chili kuseri kwa phiri la Mulanje ndipo chimauma miyezi yambiri. Kugula mbande zikwizikwi, manyowa ndi kuthirira kungadye ndalama zimene mudzi ulibe, ndipo kutengera njira ya Miyawaki mwachimbulimbuli kungangokhala pulojekiti ina yofa opereka thandizo akachoka. Yankho lake lili m'khalidwe la mitengo yathu. Mitengo yambiri ya m'tchire la kuno imaphukira pa zitsa ndi mizu, choncho m'munsi mwa phiri la Michesi, pamene zitsa zikadalipo, ntchito yoyamba ndi kulambula njira yotchinga moto, kuletsa ziweto ndi kuthenera mphukira. Kudzala mothinana kusungidwire pamene dothi latheratu: m'magombe a mtsinje wa Phalombe, m'zigwembe, kuseri kwa sukulu ndi m'mbali mwa manda momwemo, malo amene sakulanda munthu mzere wa chimanga. Njere zitoledwe ku mitengo ya m'deralo, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 limalola kale mfumu kupatula nkhalango ya m'mudzi ndi kuiika m'manja mwa komiti.

Tisanamizane kuti timitengo timeneti tingaimitse Napolo. Miyala ndi matope zimene zinatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kupha anthu mazanamazana, ngakhalenso zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, zinaposa mphamvu ya nkhalango iliyonse yaing'ono. Amene akugulitsa ganizoli ndi lonjezo lotere akuliwononga, chifukwa madzi akadzasefukiranso anthu adzati mitengo yalephera. Phindu lake ndi la mvula ya chaka chilichonse: gombe losagumuka, chigwembe chosakula, dothi losathera ku Chilwa. Chovuta chenicheni chili pa ulamuliro. Manda amatetezedwa ndi mantha ndi ulemu, pamene nkhalango ya kuseri kwa sukulu ilibe mizimu yoilondera. Ikufunika malire odziwika, chindapusa chimene mudzi wagwirizana pabwalo, ndi kalembera wa amene aloledwa kutola masuku, kuzula bowa ndi kupachika ming'oma ya njuchi, zonsezi zikambidwe mbande yoyamba isanachoke ku nazale.