NKHOKWE YA MADZI PAMWAMBA PA MAPIRI

Mwezi uno tilingalire za dziko lakutali, pakuti m'menemo muli mau akuticenjeza ife tonse.

Pakati pa Asia pali mapiri akuru ochedwa Tien Shan. Patsinde pace pali zigwa zouma ndi zipululu, kumene mvula icepa ndithu. Koma anthu alima kumeneko thonje, tirigu ndi zipatso, cifukwa Mlengi anawamangira nkhokwe ya madzi pamwamba. M'nyengo yacisanu cipale cofewa cigwa pamapiri. Cina ciunjikana caka ndi caka, nicisanduka madzi oundana, olimba ngati thanthwe. Pofika malimwe, minda iri ndi ludzu, nkhokweyo isungunuka pang'ono pang'ono, nidzaza mitsinje. Momwemo mtsinje wa Naryn utsika m'mapiri a Kyrgyzstan, nukomana ndi Kara Darya m'cigwa ca Fergana, ndipo iwiriyi ikhala Syr Darya.

Koma tsopano dziko lapansi lirikutentha, cifukwa ca utsi wa malasha ndi mafuta amene anthu atentha kosaleka. Anthu ophunzira anayesa, napeza kuti kuyambira 1961 kufikira 2012 madzi oundana a Tien Shan anatha magawo 27 mwa magawo 100. Cipale cisungunuka msanga, minda isanayambe kufuna madzi. Ndipo pena pamene kale panagwa cipale, lero pagwa mvula, imene ithamangira kucigwa osasungika.

Taonani cinyengo cace. Pamene madzi oundana asungunuka kopambana, mitsinje ina idzala koposa kale, ndipo mlimi akondwa, nakuza munda wace. Sadziwa kuti alikudya za m'nkhokwe, ndipo zolowamo zicepa. Nkhokwe ikadzafika pansi, mtsinje udzaphwa m'miyezi yomweyo imene mbeu zifuna madzi.

Kumbukirani Yosefe m'Aigupto. Nzeru yace inaoneka m'zaka za dzinthu zambiri, osati m'zaka za njala. Pakuti njala ikalowa, ngakhale wopusa adziwa kusinira. Iye anasunga pamene panalibe womva njala.

Anthu a maiko aja analawa kale mphotho ya kusasamala. Kuyambira zaka za m'ma 1960 anapatutsira madzi a Syr Darya ndi Amu Darya m'minda ya thonje, kufikira nyanja yaikuru ya Aral inaphwa mbali yaikuru, ndi zombo za asodzi zinatsala pamcenga. Koma m'caka ca 2005 a Kazakhstan anamanga damu la Kok-Aral, madzi anakweranso m'cigawo ca kumpoto, ndipo nsomba zinabwera. Potero tiphunzira kuti wotembenuka mtima nthawi ikalipo apulumutsa kanthu.

Nanga ife tidzatani, abale? Tisayese cuma cathu poona mtsinje wodzala, koma tifunse za gwero lace. Wokhala kumtunda akumbukile mnzace wa kunsi, ndi wakumwa lero akumbukile mwana wosabadwa. Madzi sitinawalenga ndife. Tiri adindo cabe, ndipo mdindo adzafunsidwa za zimene anaikizidwa. Mulungu atipatse mtima wakusunga pamene nkhokwe ikali ndi kanthu. Amen.