ZA KUDYA KRISIMASI KWA ENI

Werengani Mateyu 2:13-23 ndi Yeremiya 29:1-14.

Mwezi wa December wafika, mvula yagwa, ndipo kuyambira ku Makanjira kufikira ku Nankumba anthu ali pa khasu. Makoka apachikidwa, pakuti nyanja njotseka kuti chambo chiswane. Mango apsa, ndipo ana ayamba kale kufunsa za malaya atsopano ndi mpunga wa pa 25. Koma tsiku la Mulungu, tikaponya maso ku mbali ya amuna m'Chalichi, tiona mipando yambiri iri yokha. Eni ache ali ku Joni, ku Durban, ku Cape Town, ena ku Harare, ndi ena owerengeka kutsidya kwa nyanja zamchere. Mau a mwezi uno tilembera iwowa, ndi inunso amene munatsala. Ndipo amene ali ndi mbale wache kunjako amuwerengere pa lamya, kapena amtumizire tsamba lino.

Tiyambe ndi Mwini wa tsikuli. Ife tazolowera kuyesa Krisimasi tsiku la pakhomo, lakuti mbumba yonse ikhale pa mphasa imodzi; koma Ambuye wathu sanabadwire pakhomo. Boma la Kaisara Augusto linafuna kulemba anthu, ndipo lamulo la munthu wokhala ku Roma, amene sanamve konse dzina la Mariya, linanyamutsa mkazi wapakati ku Nazarete ndi kumyendetsa ulendo wa masiku kufikira ku Betelehemu. Kumeneko pogona panawasowa, mwana nagonekedwa modyera ziweto. Asanapumule bwino, Herode anayamba kufunafuna moyo wa mwanayo, ndipo Yosefe anadzuka usiku, natenga mwana ndi amache, nalowa m'Aigupto, ndilo dziko la mu Afrika muno. Taganizani mmisiri uja wa matabwa alikuyenda khomo ndi khomo kufunsa ntchito kwa anthu a chinenero china, olambira milungu yina, amene anamuyang'ana monga momwe eni dziko ayang'anira obwera. Ngakhale Herode atafa, Yosefe sanathe kubwerera kumene anafuna, pakuti anaopa Arikelao, mwana wa Herode, napatukira ku Galileya. Chotero mnyamata wa kwa Mponda amene adzadzuka yekha m'kachipinda ka malata pa 25 December asanene kuti Kristu sadziwa za moyo wotere.

Ulendo uwu sunayambe ndi ana athu. Pamene Boma la Angerezi linamanga Fort Johnston m'chaka cha 1891 ndi kuika msonkho wa nyumba, agogo athu anafunika ndalama imene chimanga ndi usipa sizinawapatse, ndipo anayamba kuyenda pansi kunka ku migodi ndi ku minda ya Azungu kumwera. Wenela anatenga anthu athu kunka nao ku migodi ya golidi, koma chisanu cha ku Joni, chimene chigwa mwezi wa June ndi July, chinawapha ndi chibayo ochuruka kotero kuti m'chaka cha 1913 kulemba anthu a maiko otentha kunaletsedwa, ndipo kunayambanso patapita zaka zoposa 20. Bungwe limene Boma linaika m'chaka cha 1935 linayesa kuti amuna a dziko lino okhala kunja anali ngati 120,000. Akuluakulu akumbukira April wa 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 alikubwerera kwao, pamenepo Dr. Banda analetsa Wenela. Pambuyo pache ena anapitabe ndi Teba kufikira 1988. M'zaka zonsezi munabadwa liu lija lowawa lakuti mtchona, ndiye munthu amene anapita, naleka kulemba kalata, naiwalika manda ache.

Lero kulibe Wenela wakupatsa munthu chikalata cha ntchito ndi tsiku lobwerera. Mnyamata agulitsa njinga kapena mbuzi za amache, nakwera basi kudzera ku Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kupyola Nyamapanda ndi Beitbridge, natsikira ku Johannesburg wopanda womlonjeza kanthu. Pa chipata ampatsa masiku 30; masikuwo akatha iye akhalabe, pakuti ngongole ya ulendo sinathe. Kuyambira pomwepo ayenda mozemba, alikuopa kugwidwa ndi kutsekeredwa ku Lindela. Ndipo December akafika awerenga ndalama ya basi, imene ikwera mwezi umenewu, naganiza za mafunso a pa chipata, naona kuti akapita kwao kapena sadzatha kubwereranso ku ntchito. Inu amene munena kuti mwana wanu wakukanani chifukwa sanabwere, yambani mwadziwa zimenezi.

Ndipo Krisimasi yao njotani? Kumeneko ntchito za zomangamanga zitsekedwa pakati pa December, eni dziko napita ku midzi yao monga momwe ife tikadachitira. Mwini nyumba atenga banja lache kunka ku nyanja kukapumula, nasiya Mmalawi kuthirira maluwa, kudyetsa agaru ndi kulonda mpanda. Wa m'sitolo agulitsa kufikira usiku wa pa 24, nadzuka pa 25 wopanda womuitana. Alongo athu amene asamalira odwala ndi okalamba ku England ndi ku Ireland ali m'chisanu chenicheni, kumene dzuwa la December lilowa nthawi imene kuno tikadali kumunda, ndipo ambiri a iwo tsikulo ali pa ntchito, pakuti odwala sadziwa Krisimasi. Ngakhale ku dziko limene Ambuye anabadwira kuli ana athu: m'mwezi wa November 1923 kunalibe Mmalawi akadalota zimenezi, koma m'mwezi wa November 2023 achinyamata oposa 200 anakwera ndege kunka ku minda ya ku Israel, nkhondo iri mkati.

Tsono tinene ndi inu muli kwa eni. Mdani wanu tsiku limenelo sali wapolisi, koma kusungulumwa. Munthu amene wagwira mtima miyezi 11, osalawa mowa, natumiza ndalama mokhulupirika, akhoza kugwa tsiku limodzi lokha, chifukwa panalibe womuitana koma wa ku mowa ndi mkazi wachilendo. Mabanja ambiri achiwiri a ku Joni sanayambe ndi munthu wofuna kusiya mkazi wache. Anayamba ndi mbale ya chakudya yopatsidwa kwa munthu wanjala ya anthu. Tsiku limenelo lifunika kulikonzeratu, monga mukonzeratu denga mvula isanagwe. Mudziwe Lachitatu kumene mudzapemphera ndi amene mudzadya naye. Musadikire kuti m'mawa wa pa 25 mtima wanu ukuuzeni, pakuti mtima wa munthu wosungulumwa ndiwo phungu woipa.

Yeremiya analembera kalata anthu a Yuda amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo. Kunali aneneri onama amene anawauza kuti ukapolo utha msanga, ndipo anthu anakhala chimangire akatundu, osalima, osamanga, mitima iri ku Yerusalemu. Mneneri anawauza zowawa, kuti zaka zidzakhala 70. Nawalangiza kuti akhazikike, adye za m'minda yao, ndiponso, chimene chinali chobvuta koposa, kuti apempherere mudzi wa anthu amene anawagwira. Mulungu sanatsale ku Yerusalemu pamene iwo anachoka, ndipo sanatsale pa Malindi kapena pa Nkope pamene inu munakwera basi. Tidziwa kuti kupempherera dziko lija nkolemera. Sitinaiwale May wa 2008, pamene anthu oposa 60 anaphedwa m'chipolowe chothamangitsa obwera, kapena April wa 2015, pamene anthu athu anagona m'mahema ku Durban, Boma nkutumiza mabasi kukawatenga, ambiri a iwo a boma lino la Mangochi, nafika ndi zobvala za m'thupi zokha. Koma m'masiku omwewo munalinso eni dziko amene anabisa Amalawi m'nyumba zao, ndi mipingo ndi mizikiti imene inawaphikira. Lowani m'Chalichi cha anthu amenewo ngakhale nyimbo ziri m'Chizulu. Mgonero wa Ambuye suli ndi chinenero.

Makolo athu a m'chikhulupiriro anachita koposa apa. Anyasa amene anagwira ntchito ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, sanadikire kuti adzapemphere atabwerera kwao. Anasonkhana okha m'makomboni, natumiza mau ku Mishoni ya kwao kupempha mbusa, ndipo m'chaka cha 1912 mbusa T. C. B. Vlok anapita kukakhala nao. Sinodi ya Harare ya mpingo wa C.C.A.P. inaphuka pa tsinde limenelo. Ngati anthu osauka aja, opanda lamya, anakhoza kuutsa mpingo, kodi inu asanu ogona m'bwalo limodzi simungathe kuwerenga Luka 2 ndi kuyimba nyimbo ziwiri musanaphike? Ambiri a inu mugona chipinda chimodzi ndi abale athu Achisilamu a ku Namwera ndi kwa Katuli, amene anakulandirani pa Park Station ndi kukupezerani ntchito. Iwo sasunga tsikuli, koma adziwa kuwawa kwache, pakuti Idi iwapezanso kwa eni. Aitaneni ku mpunga wanu, ndi nyama yoti iwo akhoza kudya, monga iwonso akuitanani pa tsiku lao.

Tikumbukirenso kuti Uthenga unafika pa nyanja ino ndi anthu amene anadya Krisimasi kwa eni. Sitima ya Ilala inalowa m'nyanja mwezi wa October 1875, ndipo Dr. Laws ndi anzache anaona December wao woyamba pa Cape Maclear, m'thukuta ndi malungo, pamene kwao ku Scotland kunali chipale. Chaka chotsatira anadza anyamata akuda a ku Lovedale, ku South Africa komweko kumene ana athu ali lero. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anagona pa Cape Maclear m'chaka cha 1877, ndipo William Koyi anafera kwa Angoni a kumpoto mu 1886.

Koma mau olemera a mwezi uno ali kwa ife otsala, pakuti machona ambiri tiwapanga ndife. Mwana akaimba lamya, liu lathu loyamba ndi lakuti watumiza zingati. Tiloza nyumba ya malata ya mnansi ndi njinga yamoto ya mwana wa uje, ndi kufunsa kuti wathu alikuchita chiani. Sitifunsa ngati wadya, ngati ali ndi pogona, ngati bwana wache anamlipira mwezi watha. Iye amene ntchito yamthera aona dzina la amache pa lamya, naleka kuyankha, si chifukwa cha kuuma mtima koma manyazi. Mwezi upita, chaka chipita, ndipo manyazi a kusatumiza aonjezedwa ndi manyazi a kukhala chete, kufikira njira ya kwao yamera udzu. Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma kwanu kumene munthu alandiridwa poyamba ayang'ana m'chikwama mwache kwasanduka msika. M'fanizo la pa Luka 15, mwana uja anabwera wopanda kanthu, atamwaza chuma, ndipo atate wache anamthamangira asanamve mau ache. Ana athu ambiri sanamwaze kanthu, anangosowa mwai. Nanga ife tidzakhala ouma koposa atate uja kwa ana amene sanatilakwire? Mumuuze mwana wanu ndi pakamwa panu, mwezi uno, kuti akhoza kubwera ndi manja okha ndipo nkhuku idzaphedwa.

Za ndalama zimene zifika tinenenso pang'ono. Munthu uja wadzimana nyama kuti atumize. Sikuli kulakwa kugulira ana malaya ndi kuphika mpunga. Mulungu sakondwera ndi nkhope zakugwa pa tsiku la Mwana wache. Koma chimanga chiri m'munda chifuna feteleza mwezi womwe uno, sukulu itsegulidwa mu January, ndipo njala ya February siichedwa. Banja limene litha zonse pa tsiku limodzi, ndi kuimbanso lamya pa 2 January kupempha zina, limanga mwana wao ku Joni chaka china.

Ndipo akazi amene amuna ao ali kutali, ndani awayang'anira? Kuno kwathu mwamuna ndiye apita kukakhala kwa mkazi, chotero mkaziyo ali pakati pa abale ache, ndipo mwini mbumba sangathe kunena kuti sanaone denga likudontha kapena munda utagonja ndi udzu. Tiona akazi ena alikupalira okha maekala awiri, mwana kumsana, alongo ao ali pa bawo. Amene afika pa khomo lotere madzulo ndi thandizo lofuna malipiro a mumdima adziwe kuti mpingo uli ndi maso. Tipempha akulu a mpingo m'midzi yonse kuti sabata lino alembe maina a onse ali kunja, obatizidwa ndi a m'kalasi omwe, ndi iwonso amene mbiri yao inaleka kumveka zaka zapitazo, kuti maina awo adzachulidwe limodzi limodzi m'pemphero la m'mawa wa Krisimasi. Amai a chigwirizano agawane makomo amene mulibe bambo, kuti pasakhale mkazi kapena nkhalamba yakudya yokha tsikulo. Anyamata a kwaya apite ndi makasu Loweruka lisanafike tsikulo, ayambire minda ya amai okalamba amene ana ao onse ali kunja, nabwere ndi madzi ao akumwa, kuti mwini munda asabvutike ndi kuwaphikira.