NKHOSWE YA ANA OSABADWA

Kodi munthu angakhale ndi mangawa kwa iye amene sanabadwe? Funso ili liyenera kuwagwira mtima anyamata ndi asungwana amene aphunzira malamulo ku Zomba, pa Yunivesite ya Malawi, makamaka malamulo osunga nthaka, mitengo ndi madzi.

Taonani cidikha ca Kasungu. Fodya woumitsa ndi moto m'mabalani adya nkhuni zambiri, ndipo fodya wa bale, amene alimi ang'ono analoledwa kulima kuyambira 1990, afuna mitengo ya zigafa. Cotero miombo yacepa, ndipo mvula ikokolola nthaka kunka nayo ku Bua ndi Dwangwa. Ndalama za fodya tilandira ife ku Chinkhoma, koma munda wouma adzaulandira adzukulu athu, amene sanakhalepo pa upo wathu.

Malamulo a dziko sanaiwale ana amenewa. Lamulo lalikuru la 1994, pa ndime 13, liuza boma kuti lisamale za mibadwo irinkudza. Lamulo la nkhalango linadza mu 1997, ndipo la 2017 lipatsa munthu ali yense ufulu wakukhala pa malo osaonongeka. Koma lamulo liribe pakamwa, ndipo wosabadwa sangathe kuimirira pabwalo. Afuna nkhoswe, ndiyo nchito ya wophunzira malamulo.

Kapena wina adzati, Mwana wanga ali ndi njala lero, ndilekerenji mtengo cifukwa ca mwana wa mawa? Mau awa tisawapeputse ai. Nkhoswe yabwino siimanga banja pakupondereza mmodzi. Sikuli cilungamo kulanga tenanti wogwira nkhwangwa, mwini esiteti ndi wogula fodya namapita mwamtendere, pakuti wopindula kwambiri ayenera kusenza katundu wolemera. Pakati pa maiko mlandu uli womwewo: utsi umene usanduliza nyengo unacokera makamaka ku maiko olemera, ndipo pangano la ku Paris la 2015 liti iwo athandize osauka.

Tsono inu ophunzira, musayese maphunziro anu khwerero la cuma cabe. Dziko nla Mulungu, ife tiri akapitao, ndipo kapitao afunsidwa za m'munda. Akulu anati mlandu suola. Adzukulu adzautula tsiku lina. Cenjerani kuti asadzapeze dzina lanu pakati pa iwo amene anadziwa lamulo nakhala cete.